Nyumba za pa phiri la Mulanje ndi zathu, tisazisiyire alendo okha

Pamwamba pa phiri la Mulanje pali nyumba 10 zogonamo anthu oyenda m'phirimo. Mwa nyumbazi, 9 ndi za boma, ndiye kuti ndi zanu ndi zanga, pakuti zili m'manja mwa dipatimenti ya za nkhalango imene imayendera misonkho yathu. Yotsalayo ndi ya mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre. Koma mutati muime pa depoti ya mabasi ku Old Town, kapena pachipata cha Capital Hill nthawi yoweruka, n'kuyamba kufunsa Amalawi kuti atchule dzina la nyumba imodzi yokha, ndikukayika ngati dzuwa lingalowe mutapeza anthu okwana zala za dzanja limodzi.

Tsono tiyeni tizitchule, poti katundu amene mwini wake samudziwa n'dzina lomwe sachedwa kusowa. Kuli Chambe ndi inzake yoyandikana nayo yotchedwa France's Cottage. Kuli Lichenya, ndipo chakufupi komweko ndiye kuli ya a CCAP ija imene amaitcha Hope's Rest. Kuli Chisepo, m'munsi mwa nsonga ya Sapitwa. Kuli Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka. Adazimanga motalikirana mwakuti munthu akanyamuka m'mawa pa ina amakafika pa inzake dzuwa lisanalowe, ndipo angathe kuyenda sabata yathunthu pamwambapo osatsikira kumudzi.

Mfundo yanga ndi imodzi. Nyumba zimenezi si zongosangalatsira alendo ai, ndi maso a phirilo. Ndipo chifukwa chakuti ife eni ake sitigonamo, makamaka ife a m'tauni amene tili ndi kangachepe m'thumba komanso mawu ofika kwa akuluakulu, phiri lathu lakhala likubedwa popanda woona, ndipo tikapanda kusintha lidzabedwabe.

Poyamba ndifotokoze m'mene nyumbazi zilili, kuopa kuti wina angaganize za hotela. Mulibe magetsi a Escom, mulibe woperekera zakudya. Zambiri ndi za matabwa, zofolera ndi malata, zili ndi khonde, chipinda chachikulu chokhala ndi malo osonkhapo moto, tebulo ndi mipando, ndipo chimbudzi chili panja. Chakudya mumanyamula nokha, chofunda mumanyamula nokha. Pa nyumba iliyonse pamakhala mlonda amene amatunga madzi kumtsinje, kuwaza nkhuni ndi kusonkha moto. Musanakwere mumayamba mwalembetsa kwa a za nkhalango, monga pa ofesi yawo ya ku Likhubula, ndipo ndi m'munsi momwemo m'mene mumapeza anyamata olondolera njira ndi onyamula katundu. Ndalama yogonera ndi yochepa kwambiri tikayerekeza ndi chipinda cha usiku umodzi ku Senga Bay kapena ku Mangochi.

Nanga zidatheka bwanji kuti chinthu chotsika mtengo chotere chikhale chachilendo kwa eni dziko? Mbiri ikutiuza. Boma la atsamunda lidalengeza mu 1927 kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo azungu oyang'anira nkhalango, amishoni ndi eni minda ya tiyi ndiwo ankakwera kukagona pamwambapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 adakhazikitsa kalabu yawo, imene lero ikutchedwa Mountain Club of Malawi. France's Cottage idatenga dzina la Fred France, mzungu wa za nkhalango amene adakokoloka ndi madzi m'phirimo mu 1949 akuperekeza mlembi Laurens van der Post, yemwe pambuyo pake adasimba za imfayo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Dzina la malemuyo lilipo mpaka lero ndipo palibe cholakwa. Koma amuna amene adasenza malata, misomali ndi zitseko pamutu kukwera nazo zitunda zija, palibe adawalemba maina. Mmalawi adalowa m'nyumbazi ngati mtengatenga, mlonda ndi khukhi. Ufulu udabwera mu 1964, matipate adabwera mu 1994, koma maganizo akuti pamwambapo mpa eni ake sadatichokebe m'mutu.

Umboni wake tikuuona kuno ku Area 12 ndi ku Area 10. Holide ikagundana ndi Loweruka, mumaona galimoto za ogwira ntchito ku maofesi a akazembe ndi mabungwe akunja zikutuluka m'mipanda m'mamawa, zitadzaza zikwama ndi nsapato zokwerera mapiri, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku Mulanje. Munthu wangokhala m'dziko muno miyezi isanu ndi umodzi, koma akukusimbirani za kuzizira kwa ku Chisepo ndi m'mene dzuwa limatulukira ku Sombani. Pamene mnansi wake wa mpanda winawo, bwana wamkulu m'boma, wobadwira konkuno, amene mwina siginecha yake ndi imene imavomereza kapena kukana chilolezo chokhudza phiri lomwelo, amangoliona patali ali m'galimoto popita ku maliro ku Phalombe. Sindikudzudzula alendowo. Akuchita bwino, ndipo ndalama zawo zikudyetsa mabanja ku Likhubula. Komanso tinene chilungamo: a kalabu ija, pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, akhala akuthandiza kukonza nyumbazi pamene boma linkayang'ana kwina. M'nyumba zambiri muli kabati yosungiramo mapoto, mbale ndi zofunda imene kiyi wake amatenga ndi mamembala a kalabuyo. Kalabuyo masiku ano siletsa Mmalawi kulowa. Funso ndi lakuti, ndi angati mwa ife adagogodako?

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati kukwera phiri popanda chokatengako ndi masewera a azungu. Zoona zimenezo? Pitani ku phiri la Bunda, pafupi pompano, mukaone amayi, abambo ndi achinyamata akukwera thanthwe kukachezera mapemphero usiku wonse. Pitani ku Nkhoma mukaone magulu a achinyamata a mu Lilongwe muno amene ayamba kukwera Loweruka. Ku Mulanje komweko amayi amakwera m'bandakucha kukatola nkhuni n'kutsika ndi mitolo imene bwana wa mu ofesi sangainyamule ngakhale kuisuntha. Chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wa Porters Race, wa makilomita oposa 20, kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, ndipo anyamata a m'midzi yozungulira amamaliza maola atatu asanakwane, mtunda umene mlendo amauyenda masiku awiri. Ndiye miyendo tili nayo, phiri timalidziwa. Chimene tidasiyira ena ndi kukwera mwa kufuna kwathu, kukagona pamwambapo, kuona ndi maso athu, n'kubwerako ndi mafunso.

Ena ati anthu ali ndi njala, ufa wakwera, mafuta akwera, iwe ukukamba zokayenda m'phiri? Izi ndi zomveka, ndipo mawu angawa sakupita kwa mayi amene akusowa chophikira ana madzulo ano. Akupita kwa ife amene timapeza ya mafuta opitira ku nyanja pa Khirisimasi, ife amene timathira ndalama m'mbale pa perekaniperekani Loweruka lililonse. Ndalama yaikulu pa ulendo wa ku phiri si yogonera, ndi ya thiransipoti ndi yolipira wolondolera njira ndi wonyamula katundu. Ndalama imeneyo siipita ku kampani ya ku London kapena ku Johannesburg. Imalowa m'dzanja la mnyamata wa m'mudzi wa m'munsi mwa phiri tsiku lomwelo, ndipo mawa lake yagula chimanga pa Chitakale. Pa njira zonse zimene munthu wa m'tauni angadyere ndalama zake, ndi zochepa zimene zimafika kumudzi mwachindunji chotere.

Enanso ati ku Mulanje kuli mizimu, anthu amasowako. Nkhani za mizimu ya m'phirimo si zoseka, ndi chuma cha makolo athu, ndipo dzina lakuti Sapitwa likunena lokha ulemu umene anthu akale ankapereka ku nsonga ija ya mamita 3,002. Ndi zoonanso kuti anthu atayikako. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adakwera yekha ndipo sadapezeke. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adapitirira kukwera Sapitwa popanda womulondolera, nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata. Phunziro lake si lakuti tisamapiteko, koma lakuti phiri sayendamo mwamatama. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi ndipo kuzizira kwake kumapha. Pa nthawi yotereyi chimene chimapulumutsa munthu ndi mnyamata wodziwa njira ndi nyumba yokhala ndi denga losadontha ndi moto woyaka. Ichi ndi chifukwa china chakuti nyumbazi zisamalidwe.

Tsopano tifike pa mtima pa nkhani. Nyumba zakale za pamwambapo adazimanga ndi mkungudza, mtengo wonunkhira uja umene chiswe sichiudya, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma pa phiri la Mulanje pokha. Mu 1984 boma lidaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko lathu. Koma akatswiri atachita kalembera mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaimirira. Muwerengenso bwino: 7. Mtengo wa fuko lonse udatha ngati masamba a m'dimba, tonse tili maso, tili ndi unduna, tili ndi nyumba ya malamulo, tili ndi apolisi ndi zipata zawo za pamsewu. Mitengo imeneyi sidagwe ndi mphepo. Adaidula ndi anthu, adaicheka ndi anthu, adaisenza pamutu ndi anthu osauka olipidwa zochepa, koma amene adaigula sadali osauka. Matabwa ake adakwera malole, ndipo ena adathera m'nyumba zokongola za m'mizinda yathu, mwinanso m'misewu ino ya mitengo ya mthunzi imene tikukhalamo.

Kodi zikadatheka chimodzimodzi kukadakhala kuti mwezi ndi mwezi m'nyumba za Chambe ndi Sombani munkagona aphunzitsi, maloya, atolankhani, abusa ndi aphungu a dziko lino? Mlendo akamva kulira kwa sowo m'nkhalango amadandaula, n'kulemba m'buku la alendo, mawa wakwera ndege wapita. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Koma Mmalawi akaona chitsa chatsopano amadziwa kuti funso akalifunse kwa yani. Amadziwa dzina la DC, amadziwa phungu wa deralo, mwina bwana wa ku likulu la za nkhalango adaphunzira naye limodzi ku sekondale. Kwa zaka zonsezi ife takhala tikumvera m'malipoti a mabungwe akunja za phiri lathu lomwe, ndipo tikudziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Pali ntchito yotamandika imene yakhala ikuchitika kuyambira mu 2016 yofesa mbande za mkungudza m'midzi ndi kukazibzala pamwamba. Koma mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo moto wa alenje a tsiku limodzi ungathe kupsereza ntchito ya zaka zisanu. Mbande zimenezi zikufuna maso, ndipo maso amafuna pogona.

Wina angati, chabwino, mitengo yatha, ife a ku Lilongwe zikutikhudza bwanji? Phiri la Mulanje ndi nkhokwe ya madzi. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Sombani ndi Phalombe imachokera pamenepo. Minda ya tiyi imene imabweretsa ndalama zakunja imamwa pamenepo. Kuyambira mu 2019 ngakhale mzinda wa Blantyre ukumwako madzi a mu Likhubula kudzera m'mapaipi aataliatali. Ndipo phiri likakwiya maliro ake amakhala a dziko lonse. Akuluakulu akukumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu Marichi 1991. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera, ndipo midzi ina ya ku Mulanje ndi Phalombe idakwiririka ndi matope ndi miyala. Sindikunena kuti mitengo ikadaletsa mvula yoopsa ngati imene ija, koma aliyense amene adalimapo pamalo otsetsereka akudziwa kusiyana kwa nthaka yovala ndi yamaliseche madzi akamathamanga. Ife a mu Lilongwe tilinso ndi chitsanzo pakhomo pathu: nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu, idadyedwa ndi makala mpaka mu 2015 boma lidachita kutumizako asilikali. Tidadikira kuti zifike pa mfuti chifukwa ambiri mwa ife sitidapondeko phazi.

Palinso nkhani ya miyala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 zikudziwika kuti pansi pa udzu wa ku Lichenya pali miyala ya bauxite imene amapangira aluminiyamu, ndipo pakapita zaka zingapo pamatulukira wina wofuna kukumba. Tsiku lina nkhaniyi idzabweranso patebulo ku Capital Hill. Amene adzaisainire kapena kuikana, kodi adzakhala ataimapo pakhonde la nyumba ya Lichenya n'kuona kumene mitsinje imayambira? Kapena adzangoona mapu ndi manambala operekedwa ndi wofuna kukumbayo? Mu 2000 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'gulu la malo ofunika pa zachilengedwe, ndipo mu Julaye 2025 lidalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kutsatira paki ya ku nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene adalilembera ndi mgwirizano wa pakati pa phirilo ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Tidaomba m'manja ndipo tidayenera kutero. Koma satifiketi ya ku Paris siizimitsa moto wa m'tchire, siikhoma lata loyamba kukakatuka.

Inu amene mudakhalako kunja mukudziwa m'mene anzathu amachitira. Ku Switzerland kalabu ya okwera mapiri idayamba mu 1863 ndipo chaka chomwecho idamanga nyumba yake yoyamba. Lero ili ndi nyumba pafupifupi 150 m'mapiri a Alps. Ya ku Germany idayamba mu 1869, ili ndi nyumba zoposa 300 ndi mamembala oposa 1 miliyoni. Mamembala amenewa si alendo ochokera kutali, ndi aphunzitsi, akalaliki ndi amakanika a dziko lomwelo, amene amasonkha chaka ndi chaka, ena n'kumapita okha kukakonza njira ndi kupenta makoma. Ndi chifukwa chake munthu wofuna kuononga phiri kumeneko amayamba waganiza kawiri, pakuti amadziwa kuti akuputa anthu ovota. Amene mudali ku Tanzania mukudziwa nyumba za Mandara, Horombo ndi Kibo pa Kilimanjaro, ndi lamulo lawo lakuti munthu sakwera popanda womulondolera wovomerezeka. Sitikusowa kukopera zonse, pakuti thumba lathu ndi lina. Koma phunziro lake ndi losavuta: nyumba za m'phiri zimalimba pamene eni dziko amagonamo.

Pali ngozi ina imene tiyenera kuiona isanafike. Nyumba ya boma ikayamba kudontha, sipachedwa kubwera wanzeru wina wonena kuti boma lalephera, ndipatseni ine ndiikonze. Mawa lake mumva kuti yasanduka loji, mtengo wake ndi wa madola, ndipo mwana wa sukulu wa ku Phalombe akungosuzumira pawindo. Tidaziona kale ku nyanja. Pitani ku Mangochi kapena ku Salima mukaone m'mene mipanda yatsekera gombe, msodzi wobadwira pomwepo akuchita kudutsa m'kanjira kopanikizika pakati pa makoma awiri kuti akafike pa bwato lake. Sindikudana ndi amalonda. Ngati wina akufuna kumanga malo apamwamba m'munsi mwa phiri, amange, alembe anthu ntchito. Koma nyumba 10 za pamwambazi zikhale za aliyense, pamtengo woti mphunzitsi wa pulayimale angathe.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba ndi cha boma. Ndalama zimene anthu amalipira polowa m'nkhalango ndi pogona m'nyumbazi zizidziwika. Chaka chilichonse a za nkhalango azimata pa bolodi ku Likhubula, ndi kusindikiza m'nyuzipepala, kuti kudagona anthu angati, kudalowa ndalama zingati, ndipo zingati zidabwerera ku phiri kukagula malata ndi kulipira alonda. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho ili si pempho la chisoni, ndi ufulu wathu. Aliyense wolipira apatsidwe lisiti, ndipo aliyense wolipira aumirire lisitilo.

Chachiwiri ndi cha anthu amene asenza nyumbazi pamapewa awo. Mlonda wa ku Minunu kapena ku Madzeka amakhala masiku ambiri kutali ndi banja lake, pamalo pozizira, popanda chipatala pafupi. Iyeyu ndiye amaona woyamba utsi ukafuka ndi kumva woyamba nkhwangwa ikalira. Munthu wotere akakhala kuti malipiro ake ndi ochepa ndipo alibe njira yoitanira thandizo, tisadabwe akayang'ana kumbali anthu a zikwanje akamadutsa. Apatsidwe malipiro oyenera pa nthawi yake, zovala zofunda, bokosi la mankhwala ndi foni yokhala ndi sola yotchajira. Onyamula katundu nawo akhale ndi mtengo wodziwika ndi malire a kulemera kwa katundu. Ndipo apa ndinene ndi ife Amalawi: tisakapite kumeneko ndi khalidwe lathu lonenerera ngati tikugula tomato ku msika wa Lizulu. Munthu wakunyamulirani chikwama tsiku lathunthu pachitunda, mulipireni zimene adagwirizana anzake onse, ndipo pophika mumuikireko.

Chachitatu ndi cha sukulu. Pali ana ambiri ku Mulanje ndi Phalombe amene amadzuka tsiku ndi tsiku phiri lili pamaso pawo koma sadaonepo mkati mwa nyumba ngakhale imodzi mwa izi. M'sukulu zambiri muli kale makalabu a zachilengedwe. Chingavute n'chiyani kuti m'miyezi yopanda mvula, pakati pa sabata pamene alendo amachepa, kalasi iliyonse ya Fomu 3 ya m'maboma awiriwa izikagona usiku umodzi pamwambapo kwaulere, limodzi ndi aphunzitsi awo ndi wolondolera njira? Mwana amene wabzala yekha mbande ya mkungudza ku Chambe sadzavomera msanga kudzasenza thabwa lobedwa akakula. Makampani a tiyi, mabanki ndi makampani a mafoni amene amathandiza mipikisano ya gofu angathe kulipira ulendo wotere osamva n'kuwawa komwe.

Chachinayi ndi cha mabwana athu. Tonse tikudziwa kuti misonkhano yokambirana zoteteza chilengedwe imachitikira m'mahotela a ku nyanja, m'zipinda zoziziritsidwa ndi makina, alawansi ili m'thumba. Ndikupempha kuti mwa misonkhano yonseyi umodzi wokha pachaka uzichitikira ku Lichenya. Akuluakulu a unduna wa zachilengedwe, wa zokopa alendo ndi wa za migodi, pamodzi ndi aphungu a komiti yoona zachilengedwe, akwere ndi miyendo yawo, akagone pansi pa denga limene akuliyang'anira, akamwe madzi otungidwa ndi mlonda amene amamulipira. Akadzatsika, bajeti ya za nkhalango adzaiwerenga ndi maso ena.

Chachisanu ndi cha okwerawo, alendo ndi eni dziko omwe. Moto wa m'nyumbazi umadya nkhuni, ndipo anthu tikachuluka nkhuni zidzafunika zambiri. Tisakhale ife omaliza zimene ocheka matabwa adasiya. Moto ukhale wophikira ndi woothera pang'ono, osati wochezera mpaka tambala. Chitsa cha mkungudza chisalowe pamoto ngakhale chikhale chouma chotani. Mabotolo, zitini ndi mapepala apulasitiki zimene takwera nazo titsike nazo. Ndipo malo amene eni dera amawalemekeza, monga Dziwe la Nkhalamba, tiwalemekeze monga m'mene tifunira kuti mlendo alemekeze manda a kwathu.

Chomaliza ndi chanu, owerenga. Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Simukusowa kukafika pa Sapitwa ai. Kuchokera ku Likhubula kukafika ku Chambe ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo pang'ono kwa munthu woyenda mofatsa. Sonkhanani anthu asanu a ku ntchito, a ku mpingo kapena a banki m'khonde, mugawane mafuta, mutenge ufa, usipa ndi majuzi, ndipo ana okulirapo musawasiye. Mukafika lembani dzina lanu m'buku la alendo, m'Chichewa ngati mufuna. Chezani ndi mlonda, mumufunse zimene amaona. Yang'anani denga, yang'anani zitsa, werengani mbande. Mukabwerako lembani kalata ku nyuzipepala ino, funsani phungu wanu, lowani kalabu ija kapena yambitsani yanu.

Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Alendo atisungira nyumbazi nthawi yaitali ndipo tiwathokoze, koma kontirakiti yawo ikatha amapita kwawo. Alonda ndi onyamula katundu achita mbali yawo ndi mphamvu zochepa zimene ali nazo. Amene sadaonekebe pamwambapo ndi ife a mataye ndi ma digiri, amene timadziwa kulankhula pa wailesi za kukonda dziko. Mkungudza waukulu tidauphonya. Mbande zilipo, mitsinje ikuyendabe, ndipo nyumba zikadali chiimire. Tipite tikagonemo.